Bunju ndi Nyanja ya Chilwa: Kuweta Nsomba ya M'madzi a Mchere Pang'ono

Anthu a ku Chiringa, m'boma la Phalombe, amadziwa nsomba makamaka ngati ndiwo, ndipo zimene amaziona kawirikawiri pamsika ndi matemba ouma, makumba ndi milamba yowamba, zomwe amalonda amapikula ku madooko a nyanja ya Chilwa. Kusunga nsomba yamoyo m'thanki ya galasi pabalaza kuti izingoonedwa ndi chizolowezi chimene sichinazike mizu m'midzi ya kuno, ngakhale kuti dziko la Malawi lakhala likutumiza kunja nsomba zokongola za mbuna kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene Stuart Grant anayamba malonda amenewa ku Kambiri Point, ku Salima. Komabe pali mtundu wina wa nsomba za m'thanki umene munthu wa m'chigwa cha Chilwa angaumvetse msanga kuposa munthu wa ku London kapena Johannesburg, chifukwa moyo wake wonse wagona pa kuchuluka kwa mchere m'madzi, nkhani yomwe asodzi a ku Chilwa akhala nayo kuyambira kale. Nsombayi Angerezi amaitcha pufferfish, pomwe olankhula Chiswahili a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya Indian Ocean amati bunju, ndipo dzina lachiwirili ndi limene ligwiritsidwe ntchito muno.

Bunju ndi nsomba yamutu waukulu ndi thupi lozungulira, yopanda mamba, imene ikaopsezedwa imameza madzi ambiri mofulumira n'kufufuma mpaka mdani kulephera kuimeza. Imatha kutero chifukwa chifu chake chimatanuka kwambiri, ilibe nthiti zoti ziitchinge, ndipo khungu lake, lomwe mwa mitundu yambiri lili ndi timinga ting'onoting'ono, limatambasuka osang'ambika. Mano ake ndi anayi okha, awiri kumwamba ndi awiri kumunsi, ogwirizana ngati mlomo wa mbalame, ndipo ndi amene imaphwanyira zigoba za nkhono ndi nkhanu. Mitundu yake imaposa 100, yambiri mwa iyo ndi ya m'nyanja ya mchere, koma ilipo ina ya m'madzi opanda mchere, monga Tetraodon mbu ya mumtsinje wa Congo ndi m'nyanja ya Tanganyika, yomwe imatalika kupitirira masentimita 60, ndi Tetraodon lineatus ya mumtsinje wa Nile. M'nyanja ya Malawi, ya Malombe, ya Chiuta ndi ya Chilwa mulibe bunju, ndipo zapafupi ndi Chiringa zimapezeka kugombe la Mozambique, kumene mitsinje monga Zambezi imathira m'nyanja ya mchere.

Pakati pa magulu awiriwa pali gulu lachitatu, la bunju za m'madzi a mchere pang'ono, kutanthauza madzi a kumathiriro a mitsinje kumene madzi a mvula ochokera kumtunda amasakanikirana ndi a m'nyanja yaikulu, kawirikawiri pakati pa mizu ya mitengo ya mangrove yomwe imamera m'matope a mchere. Ziwiri mwa izo ndi zimene zimagulitsidwa kwambiri kwa oweta, ndipo zonse zimachokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, m'maiko monga Thailand, Malaysia ndi Indonesia. Yoyamba ndi Dichotomyctere ocellatus, yaing'ono ya masentimita pafupifupi 8, imene ili ndi mizere yachikasu pamsana yojambula chinthu chonga nambala 8. Yachiwiri ndi Dichotomyctere nigroviridis, yobiriwira ya mawanga akuda ndi mimba yoyera, imene imafika masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo asayansi amaidziwa bwino chifukwa mu 2004 anamaliza kuwerenga malangizo a chibadwa chake, omwe ndi afupi pafupifupi kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi a munthu. Zonse ziwiri zikasamalidwa bwino zimatha zaka 10 kapena kupitirira, choncho wogula kansomba kotalika ngati chala ayenera kudziwa kuti walowa pangano lalitali.

Chifukwa chimene mchere umakhalira nkhani yaikulu chili m'magazi a nsomba. Pamene madzi awiri osiyana mchere alekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala, madzi amalowera mbali imene kuli mchere wambiri, ndipo zimenezi asayansi amazitcha osmosis. Magazi a nsomba ali ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 9 pa lita, pomwe nyanja yaikulu ili ndi magalamu 35 pa lita ndipo mtsinje wa kuphiri uli ndi wosakwana theka la galamu. Nsomba ya mumtsinje imalowedwa madzi usana ndi usiku kudzera m'makha, zomwe ndi ziwalo zake zopumira, motero impso zake zimatulutsa mkodzo wambiri wosungunuka pamene makha akutola mchere wochepa umene ulipo. Nsomba ya m'nyanja ya mchere ili pavuto losemphana ndi limeneli, popeza madzi a m'thupi mwake amathawira kunja, ndipo imayenera kumwa madzi a m'nyanja n'kutulutsa mcherewo kudzera m'makha omwewo. Bunju ya kumathiriro imatha kuchita zonse ziwiri, komatu kutha sikutanthauza kuti zilibe mtengo, chifukwa ikasungidwa m'madzi opanda mchere kwa miyezi yambiri, monga mmene ogulitsa ambiri amachitira, oweta amaona kuti imafooka, imada pamimba, imagwidwa matenda a pakhungu ndipo imafa isanakwanitse zaka zake.

Nyanja ya Chilwa imaonetsa zimenezi pamlingo waukulu. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Likangala ndi Domasi imathiramo madzi, koma palibe mtsinje wotuluka, chifukwa kumpoto kuli mtunda wa mchenga umene unailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta. Madzi amachoka mwa njira imodzi yaikulu, kuuma ndi dzuwa, ndipo popeza nthunzi sinyamula mchere, mchere wonse umene mitsinje yakokolola m'miyala ndi m'dothi umatsalira m'nyanjamo. David Livingstone atafika kunyanjayi mu April 1859 anapeza kuti madzi ake ndi owawa pakamwa, ndipo anthu a m'mbali mwake ankapanga mchere kuchokera ku dothi la m'magombe. Nyanjayi ndi yosaya, mamita ochepa chabe ngakhale m'zaka za mvula yambiri, choncho mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana madzi amaphwa, mchere umakwera, ndipo makumba, matemba ndi milamba zimathawira m'madambo a njedza ndi kumathiriro a mitsinje kumene madzi akadali abwino. Zinatero mu 1968 ndi mu 1995 pamene nyanja inauma, ndiponso mu 2018 pamene gawo lake lalikulu linasanduka matope osweka, mabwato ali pamtunda. Akatswiri a University of Malawi anatsatira kuuma kwa 1968 ndi kubwerera kwa nsomba pambuyo pake, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1979 m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake awiri.

Thanki ya m'nyumba ndi kanyanja kopanda mtsinje wotuluka, ndipo imatsata lamulo lomwelo la Chilwa. M'mwezi wa October, pamene chigwa cha Phalombe chatentha, madzi a m'thanki amatsika tsiku ndi tsiku ndipo pagalasi pamatsala mzere woyera wa mchere wouma, chizindikiro chakuti madzi otsalawo ali ndi mchere wambiri kuposa dzana. Cholakwa chofala cha oyamba kumene ndi kudzazanso thankiyo ndi madzi a mchere, zomwe zimakweza mcherewo pang'onopang'ono mpaka kufika pamene nsomba sinazolowere. Madzi ouma ndi dzuwa amabwezeredwa ndi madzi opanda mchere, pomwe madzi otungidwa dala pochapa thanki, amene atuluka ndi mchere wake, amabwezeredwa ndi madzi a mchere wofanana ndi wa m'thankimo.

Wina angaganize kuti popeza Chilwa ili pafupi ndipo madzi ake ndi a mchere pang'ono, chigubu cha madzi a kumeneko chingathetse vuto lonse, koma mchere wa ku Chilwa ndi wa kumathiriro a Zambezi si umodzi. Mchere wa m'nyanja yaikulu ndi wamtundu wa mchere wa m'ndiwo kwambiri, wosakanikirana ndi magnesium, sulphate, calcium ndi potassium, zonse pamlingo umene susintha kulikonse padziko. Wa ku Chilwa uli ndi gawo lalikulu la soda, wachibale wa soda uja wophikira therere, ndipo kuchuluka kwake kumasintha ndi nyengo komanso malo otungapo, kuwonjezera pa matope amene mphepo imavundula m'nyanja yosayayi. Mchere wa m'paketi wa kugolosale nawonso sukwanira, chifukwa ndi mtundu umodzi wokha ndipo ulibe zinthu zimene zimateteza madzi kuti asasanduke a asidi. Chofunika ndi mchere wa m'thanki za nsomba za m'nyanja, wosakanizidwa kufakitale, umene munthu wa ku Chiringa ayenera kuyembekezera kuuitanitsa kutali.

Mchere suyezedwa ndi lilime. Pali kachipangizo kotchedwa hydrometer kamene kamaonetsa kulemera kwa madzi poyerekeza ndi madzi opanda kanthu, omwe amapatsidwa nambala 1.000, pomwe madzi a m'nyanja yaikulu amafika pafupifupi 1.025. Bunju yaing'ono ya nambala 8 imakhala bwino pakati pa 1.005 ndi 1.008, kutanthauza magalamu pafupifupi 7 mpaka 11 pa lita, ndipo yamawanga imayambira pomwepo ikadali yaing'ono, koma oweta ambiri amaikwezera mchere pamene ikukula mpaka kuyandikira wa m'nyanja. Kukwezako sikupitirira 0.002 pa sabata. Masamu ake amaonetsa kusiyana kwa nsomba ziwirizi pathumba la mwini wake: thanki ya malita 100 pa 1.005, yosinthidwa malita 25 sabata iliyonse, imadya mchere wokwana makilogalamu 9 pachaka, pomwe thanki ya malita 120 pa 1.018, yosinthidwa malita 30, imadya makilogalamu oposa 35. Kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo zogulitsa mchere woterewu, yaing'onoyo ndi yokhayo yoyenera kuiganizira.

Chifukwa china chokwezera mchere pang'onopang'ono ndi zamoyo zosaoneka zimene zimasunga thanki yonse. Nsomba imatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni kwa iyo yomwe, ndipo m'sefa ya thanki mumayenera kukhala mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, wakuphanso, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba imapirira mpaka atachotsedwa posintha madzi. Mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achulukane m'thanki yatsopano, ndipo nsomba siyenera kulowamo nthawiyi isanathe, makamaka bunju, imene ilibe mamba oiteteza komanso imadya mosiya zinyenyeswa paliponse. Mchere ukasintha mwadzidzidzi mabakiteriya amafa. Amafanso sefa ikaima maola ambiri, chifukwa amapuma mpweya wobwera ndi madzi oyenda, ndipo apa ndi pamene kuzimazima kwa magetsi kumasanduka mdani wamkulu wa woweta wa kumudzi, moti sola ndi batire zoyendetsa sefa usiku wonse ziyenera kugulidwa nsomba isanagulidwe. Magetsi omwewo amafunika pa chotenthetsera madzi, popeza bunju zimenezi zimafuna madigiri 24 mpaka 28, pomwe m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Mulanje ndi la Michesi, madzi osiyidwa m'nyumba usiku amazizira kuposa pamenepo.

Madzi oyambira nawonso ndi osiyanasiyana m'dera lino. A m'mipope yochokera m'mapiri ndi opepuka, a mchere wochepa kwambiri, ndipo amalandira bwino mchere wosakaniza, malinga ngati mankhwala a chlorine achotsedwa. A pamjigo amasiyana mjigo ndi mjigo, ndipo ina ya kufupi ndi nyanja imatulutsa madzi a mchere kale, choncho amayenera kuyezedwa asanathiridwe kalikonse. Pansi pa thanki oweta amaika mchenga wa zigoba zophwanyidwa, umene umasungunuka pang'onopang'ono n'kuletsa asidi kukwera.

Nkhani ya chakudya ili ndi msampha wake. Mano a bunju amakula moyo wake wonse, ndipo ngati sikudya zinthu zolimba amatalika mpaka kutseka pakamwa, nsomba n'kufa ndi njala chakudya chili pamaso pake. Chakudya chouma cha m'mapaketi imachikana kawirikawiri, ndipo chimene imafuna ndi nkhono zazing'ono za m'madzi, tizidutswa ta nkhanu ndi chigoba chake, nyongolotsi ndi mphutsi za udzudzu. Nkhono ikaponyedwa m'thanki, bunju imaizungulira pang'onopang'ono, zipsepse zake zikupalasa mothamanga thupi lili chiimire, diso lililonse likuyenda palokha, kenako imaluma kamodzi ndipo kusweka kwa chigoba kumamveka kunja kwa galasi. Nkhono zotere zili zambiri m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya m'chigwa cha Chilwa, komatu ndi m'nkhono za m'madzi oima, za mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria, mmene tizilombo ta likodzo timakulira tisanaboole khungu la munthu. Mwana wotumidwa kukatola nkhono kudambo tsiku ndi tsiku ali pachiopsezo chachikulu kuposa nsomba imene akuidyetsa. Njira yabwino ndi kuweta nkhonozo pakhomo m'ndowa ya madzi oyera, kuzidyetsa masamba, ndi kugwiritsa ntchito zokhazo zoswedwera m'ndowamo, chifukwa tizilombo ta likodzo sitilowa m'mazira a nkhono ndipo nkhono yatsopano imatitenga pokhapokha madzi ataipitsidwa ndi mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala. Makolo oyambitsira mtunduwo sagwiridwa ndi manja, ndipo amatayidwa pamodzi ndi madzi ake akangoikira mazira.

Bunju imadziwa munthu woidyetsa ndipo imathamangira kugalasi ikamuona, zomwe zimachititsa ambiri kuidyetsa mopyola muyeso, pomwe yaikulu imakwanira kudya kamodzi pa masiku awiri mpaka mimba itazungulira pang'ono. Kuchenjera kumeneku sikuphatikiza kukonda anzake. Imaluma zipsepse za nsomba zina, ngakhale zamtundu wake, motero imasungidwa yokha, yaing'ono m'malita osachepera 60 ndipo yamawanga m'malita osachepera 110, ndi miyala ndi mizu yoti izizungulirapo. Kuiopseza dala kuti alendo aone ikufufuma ndi nkhanza yopanda phindu, ndipo ikafufuma ili kunja kwa madzi imameza mpweya umene nthawi zina imalephera kuutulutsa, n'kumayandama chagada mpaka kufa. Pachifukwa chimenechi siinyamulidwa ndi kaukonde monga nsomba zina, koma imakusiridwa m'kapu kapena m'mbale ili m'madzi momwemo.

M'dziko limene nsomba iliyonse ndi ndiwo, chenjezo la poizoni liyenera kunenedwa mosabisa. Bunju zambiri zili ndi tetrodotoxin, poizoni amene amapangidwa ndi mabakiteriya n'kuunjikana m'thupi la nsomba kudzera m'zakudya zake, makamaka m'chiwindi, m'mazira ndi m'khungu. Poizoniyu amatseka njira imene minyewa imatumizira uthenga ku minofu, kotero kuti wodya amayamba dzanzi m'milomo ndi lilime, kenako manja ndi miyendo zimafooka, ndipo pamapeto pake amalephera kupuma ali maso. Kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikumuwononga, ndipo palibe mankhwala omusungunula, kupatula kuthandiza wodwala kupuma ndi makina mpaka thupi litamutulutsa lokha. Ku Japan, kumene nsomba za banja limeneli zimadyedwa pa dzina la fugu, ophika amayenera kukhala ndi chiphaso chapadera. Kuigwira kapena kulowetsa dzanja m'thanki sikupha munthu, koma bunju yakufa siperekedwa kwa mphaka, galu kapena nkhuku, ndipo imakwiriridwa mozama kumene mwana sangaifukule.

Palinso mbali ya malamulo. Lamulo losamalira ndi kuyendetsa za nsomba limapereka mphamvu ku Dipatimenti ya Zausodzi pa nkhani yolowetsa nsomba zamoyo m'dziko ndi kuzisamutsa kuchoka m'madzi ena kupita ena, choncho kuwoloka ndi nsomba yamoyo m'chigubu kuchokera ku Mozambique popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo, ngakhale malire atakhala pafupi ndi Chiringa chotani. Kukhwimitsaku kuli ndi chifukwa chomveka. Bunju zogulitsidwa kwa oweta zambiri zimagwidwa kuthengo ndipo zimabwera ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo tina, ndipo Malawi anaona kale mu 2020, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka ku Mchinji, mmene nthenda yachilendo imafalira msanga ikalowa m'mitsinje ndi m'maiwe. Chilwa ndi malo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar la madambo ofunika padziko lonse, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo osungira zachilengedwe mu 2006. Madzi otayidwa m'thanki ya nsomba yachilendo sayenera kufika mumtsinje wa Sombani kapena ngalande iliyonse yolowera kunyanjako, ndipo nsomba imene mwini wake watopa nayo siponyedwa mudambo.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, bunju ya kumathiriro si nsomba yoyambira kuphunzirira, ndipo munthu wa ku Chiringa amene wakopeka ndi thanki ya galasi ali ndi poyambira pena pafupi ndi kwawo. M'zithaphwi za dzinja za m'chigwa cha Chilwa ndi Chiuta mumakhala kansomba ka masentimita pafupifupi 5 kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene Rex Jubb anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1969 n'kukapatsa dzina la R. G. Kirk, katswiri wa nsomba amene anagwira ntchito ku Malawi m'zaka zimenezo. Tatimuna take ndi tofiira ndi tobiriwira mowala, ndipo oweta a ku Ulaya ndi ku America amatisunga n'kumatumizirana mazira ake papositi m'timapaketi ta dothi lonyowa pang'ono. Zimatheka chifukwa moyo wa kansombaka ndi wa miyezi yowerengeka: kamaswa mvula ikadzaza chithaphwi, kamakula m'masabata ochepa, kamaikira mazira m'matope, ndipo chithaphwi chikauma makolo onse amafa pomwe mazira amadikira m'dothi mpaka mvula ya chaka chotsatira. Kamakwana m'thanki ya malita 40, kamadya mphutsi za udzudzu zotungidwa mumtsuko wa kuseri kwa nyumba, ndipo mchere umene oweta amakathirira, supuni yaing'ono imodzi pa malita angapo pofuna kupewa nthenda ya pakhungu, ndi mchere wamba wopanda zowonjezera. Kukatola kuthengo nakonso kumafuna kufunsa kaye kwa alangizi a zausodzi a m'boma la Phalombe, ndi kuvala majombo ndi magolovesi polowa m'zithaphwi zomwezo mmene nkhono za likodzo zimakhala.